Kabatani sikanaimbe foni mayi atagwa kubafa: mlandu ndi wa ndani?

NambeweWaKuChinamwali
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Mayi anga ali ndi zaka 76, amakhala ku Sadzi mu Zomba muno ndi mdzukulu wawo wa sitandade 6. Miyezi inayi yapitayo kunabwera achinyamata ena, ophunzira bwino komanso aulemu ndithu, amene akupanga kachipangizo kothandiza okalamba. Ndi kabatani kovala m'khosi ngati korona, m'kati mwake muli simu. Munthu akadwala kapena akagwa amangodina, kenako kamaimbira ana ake atatu motsatizana. Anati sakugulitsa, akufuna agogo ayese n'kunena maganizo awo kuti kakonzedwe mogwirizana ndi eni ake. Mayi anadinda chala pa fomu ya masamba atatu, ya Chingerezi yokhayokha.

Anachititsa misonkhano itatu. Pa wachiwiri agogo anadandaula kuti kabatani kakumadinika kokha, akagona chafufumimba kapena akanyamula mwana pachifuwa. Ineyo ndinathamangako kawiri usiku pa kabaza n'kukawapeza ali m'tulo, ndipo mayi ankachita manyazi kwambiri kuti akutivutitsa. Achinyamata aja anakasintha kuti munthu azikanikiza osasiya kwa masekondi asanu.

Lachiwiri sabata yatha mayi anaterereka kubafa, mwana ali kusukulu. Dzanja lamanja linathyoka, chiuno chinavulalanso. Akuti anadina ndi lamanzere kambirimbiri, koma zala zawo za nyamakazi sizitha kukanikiza nthawi yaitali choncho. Foni yanga sinalire. Anagona pa simenti yonyowa, alibe chovala, kuyambira cha m'ma 8 mpaka 11 koloko pamene mayi woyandikana nawo anamva kubuula.

Ndawaimbira opanga aja. Apepesa, koma akuti zosintha batanizo anapempha ndi agogo eni ake, komanso fomu ija ikunena kuti iwo alibe mlandu pa chilichonse chochitika nthawi yoyesa. Kodi n'zoona zimenezi? Munthu akakufunsa maganizo, iwe n'kunena, ndiye kuti mlandu wasamukira kwa iwe?

MaiAwiri
Pepani kwambiri achemwali. Mayi ali bwanji pano?

NambeweWaKuChinamwali
Awaika chikhakha. Tikadali m'chipatala, ine ndine gadiyani, ndikulemba izi ndili pakhonde la wodi. Chifuwa chawagwiranso chifukwa cha kuzizidwa kuja.

KabazaWaMatawale
Ndinene mosapsatira, mundikhululukire. Batani si mwana. Munthu wa zaka 76 sasiyidwa yekha m'mawa wonse chifukwa chakuti wavala kachingwe m'khosi. Mlandu woyamba ndi wa ife ana.

MaiAwiri
Achimwene, munthu ali kuchipatala ndi mayi ake, mawu amenewo akanadikira.

LoyaWamawa
Ndine wophunzira zamalamulo pa Chanco, ndiye zimene ndinenezi mukazifikitse kwa loya weniweni musanachite kanthu.

Pali mfundo yakale imene makhothi athu amatsatira, yochokera ku malamulo a ku Britain: wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzachigwiritse ntchito, ngakhale munthuyo sanagule kwa iye. Inakhazikika mu 1932 pa mlandu wa Donoghue ndi Stevenson. Mayi wina ku Paisley, ku Scotland, anamwa chakumwa chimene mnzake anamugulira, m'botolomo akuti munali nkhono yowola, ndipo anadwala. Iye sanalipire ngakhale kobiri, koma khothi linati ali ndi ufulu wosumira wopangayo. Ndiye kunena kuti "tinakupatsani ulere" sikuchotsa udindo.

Pa funso lanu lenileni, ine ndikuona chonchi. Agogo anabweretsa vuto, kuti kakudinika kokha. Sanabweretse yankho. Amene anasankha masekondi asanu ndani? Bwanji osati awiri? Bwanji osaika batanilo m'kadzenje kuti lisamakhudzidwe ndi mphasa? Atasintha, anayesa pa munthu wa nyamakazi, atagona pansi, ali ndi dzanja limodzi? Mafunso amenewa ndi a katswiri, si a mayi wa zaka 76. Ngakhale akanakhala kuti mayiwo ndi amene anatchula masekondi asanuwo, wodziwa ntchito ndiye amayenera kunena kuti ayi agogo, zimenezo n'zoopsa, tipeze njira ina.

Koma ndisakunamizeni. Batani silinawagwetse mayi, dzanja likanathyoka ndithu. Chimene mungadandaule ndi maola atatu aja: kuzizidwa, chifuwa, ululu, mantha. Pamenepo pafunika lipoti la dokotala losonyeza zimene zadza chifukwa cha kuchedwa kwa thandizo.

WaKompyutaWaKuNdola
Ine ndimapanga zinthu zonga zimenezi, ngakhale sindili m'gulu limenelo. Zandikhudza kwambiri, koma tamvaninso mbali yathu. Tizipangizo tam'kati timaitanitsa ku China ndi ndalama zam'thumba, n'kumawotcherera patebulo m'chipinda chogona. Inshuwaransi tilibe, loya tilibe. Mukati aliyense woyesa chinthu azikokeredwa kukhothi, chimene chichitike n'chakuti tisiya kufunsa agogo. Tizingopanga n'kukagulitsa, ngati timakina toyezera BP timene timapezeka m'mashopu popanda woti n'kumufunsa tikanama. Komanso zinthu izi sizidalira ife tokha. Netiweki ikagwa, magetsi akazima masiku awiri batire n'kutha, mayunitsi akatha mu simu, zonsezo ukhale mlandu wathu?

LoyaWamawa
Za netiweki ndi magetsi aliyense mu Zomba muno akuzidziwa, ndiye chifukwa chake wopanga ayenera kuchenjeza momveka, m'chilankhulo cha munthuyo, kuti kachipangizoka kakhoza kulephera, musachotse wokuyang'anirani. Koma pa nkhani iyi netiweki inalipo, batire linalipo. Cholephera ndi kapangidwe. Ndipo kusiya kufunsa agogo sikungakutetezeni, mudzangopanga zinthu zolephera kwambiri.

MphunzitsiWopuma
Ana anga, ine ndili ndi zaka 71, ndinaphunzitsa m'masukulu a ku Domasi ndi ku Malosa mpaka kupuma, ndipo ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawa. Misonkhano yotere ndakhalapo kawiri, wina unali wa foni yokumbutsa kumwa mankhwala. Ndikuuzeni mmene zimakhalira.

Timakhala pa mabenchi anthu makumi awiri, amfumu ali kutsogolo, mwana wa zaka 25 waimirira ndi chipepala chachikulu. Amafunsa kuti, "Agogo, chimenechi chili bwino?" Munthu wakupatsa chakumwa ndi banzi, walonjeza ya thiransipoti, ungamuuze pagulu kuti chinthu chake n'chosathandiza? Ife tinaleredwa kuti mlendo sachititsidwa manyazi. Timangoti chili bwino, tikafika kunyumba n'kuchiika m'chikwama pamodzi ndi buku la kuchipatala. Azimayi ambiri sayankhula n'komwe abambo akakhalapo. Ndipo ofika pa msonkhano ndi ife otha kuyenda tokha. Amene akufunikiradi chipangizocho, ogona pamphasa, osamva bwino, oiwalaiwala, palibe amawapita.

Kenako amakalemba m'malipoti awo kuti okalamba anatenga nawo mbali. Mbali yake iti?

Ine ndikanakonda abwere kunyumba, akhale nane tsiku lathunthu. Aone mmene ndimatsegulira botolo la mankhwala ndi mano chifukwa zala sizigwira. Aone kuti kubafa ndimapita ndi ndowa dzanja lina, ndodo dzanja lina. Akanachita zimenezo kwa mayi a ku Sadzi, akanaona okha zala zawo, popanda kufunsa. Ndipo akasintha chinthu abwerenso, andipatse m'manja, anene kuti tagonani pansi abambo, tadinani tione.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'zoona, tifunseni ndithu. Koma wokhoma chitsekocho ndi kalipentala. Chikamugwera wodwalayo sitinena kuti ndiwe unafuna kutuluka.

MaiAwiri
Zikomo abambo. Za azimayi kusayankhula n'zoonadi, mayi anga amadzanena zakukhosi tikakhala awiri kukhitchini basi.

NesiWausiku
Ndiwonjezere za kumbali yathu ya chipatala. Wokalamba akagwa, chimene chimatidetsa nkhawa si fupa lokha, komanso nthawi imene wakhala pansi osadzuka. Thupi limazizira msanga, madzi amatha m'thupi, chibayo chimatsatira, ndipo ambiri akachira amaopa kuyendanso, n'kuyamba kungokhala, miyendo n'kufooka. Ndiye a Nambewe, muwauze adokotala momveka kuti mayi anakhala pansi maola atatu, zilembedwe m'buku.

Ndipo ndipemphe tonse, tikaone mabafa a makolo athu. Simenti yosalala, ndere, sopo, munthu akuwerama kutunga madzi m'beseni la pansi. Kampando kokhalira posamba ndi chitsulo kapena mtengo wogwirira pakhoma zikhoza kupulumutsa chiuno kuposa chipangizo chilichonse.

MatembaAKachulu
Kwathu tinangothira timiyala ta mumtsinje pansi pa bafa, madzi amalowa okha, ndere sizimera.

KabazaWaMatawale
Timiyala timabaya mapazi a munthu wa shuga, ndipo iye samva kuti walasidwa. Bola kuitana mmisiri aikenso simenti yokhakhala, asasalaze ndi chipande chija.

MatembaAKachulu
Thumba la simenti mukudziwa mtengo wake masiku ano?

NesiWausiku
A Kabaza akunena zoona za shuga, bala la kuphazi limavuta kupola. Ngati simenti yavuta, kwechani ndere ndi mchenga sabata iliyonse, ndipo agogo azisamba atakhala pansi.

MwanaWaAnganga
Ndibwerere kwa aphunzitsi. Anganga athu ku Songani tinawagulira kawotchi koyankhula kokumbutsa mankhwala a BP. Choyamba, kamayankhula Chingerezi, iwo Chichewa chimene amachimva mwapatalipatali, chawo ndi Chiyao. Chachiwiri, m'mwezi wa Ramadan kankangolira masana nthawi imene akusala, mpaka anakakulunga m'chitenje n'kukatsekera m'sutikesi. Mwezi utatha sanakatulutsenso. Wopanga kanthu kameneka sanaganizepo zoti kuli munthu ngati anganga. Ndiye ine achinyamata a ku Sadziwo ndikuwayamikirabe kuti anayesa kufunsa. Cholakwika n'chakuti kufunsako akukusandutsa chishango.

MlangiziWaKuJali
Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, ndimayenda m'midzi tsiku ndi tsiku. Pali china chimene a m'tauni simuchiganizira. Gogo wokhala yekha, m'khosi mwake muli kanthu kothwanima usiku, nthawi zina kakuyankhula kokha. Mukudziwa zimene anthu ena amanena za okalamba. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akuvutitsidwabe mpaka lero. Kumbukiraninso mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anafa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kuyenda ndi zipangizo. Wobweretsa chinthu chachilendo kwa wokalamba ayenera kufotokozera mudzi wonse, osati wovala yekhayo.

Funso langa kwa a Nambewe: anthuwa anakuonetsani kalata yowaloleza? Kuyesa chinthu chokhudza umoyo pa anthu ndi kafukufuku, ndipo kafukufuku amayamba wadutsa ku komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, komiti ya pa yunivesite ya zaumoyo ku Blantyre, kapena komiti ya pa yunivesite pompano. Makomiti amenewa amafuna fomu ikhale m'chilankhulo chimene munthu akumva, ndipo wodinda chala pakhale mboni imene si ya gulu la ofufuzawo.

NambeweWaKuChinamwali
Kalata sindinaione, sindinafunsenso. Tsiku lodinda chala ine kunalibe. Mayi akuti anawafotokozera mwachidule kuti ndi zongovomereza kulandira kabatani. Za mlandu akuti sanamve akutchula.

LoyaWamawa
Pamenepo ndi pofunika kwambiri. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu asayesedwepo zachipatala kapena zasayansi popanda chilolezo chake. Chilolezo si chala pa pepala chabe, munthu ayenera kumva chimene akuvomera. Fomu ya Chingerezi, kwa munthu wosawerenga, ndime yofunika kwambiri osaimasulira, khothi likhoza kufunsa zambiri pamenepo. Komanso malamulo amene ofufuza zachipatala amatsatira m'maiko ambiri amaletsa kulemba m'fomu yotere mawu oti munthu akutaya ufulu wake wodandaula ofufuza akachita mosasamala.

Muonenso ngati fomuyo ikunena za zimene kabatani kamasunga: manambala anu, malo amene mayi ali, matenda awo. Tili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera.

WaKompyutaWaKuNdola
Ndivomere kuti ambiri a ife mafomu amenewa timangokopera pa intaneti osawerenga bwino. Timaganiza kuti komiti ndi ya madokotala oyesa mankhwala, ife a mawaya sizitikhudza. Ndaphunzirapo kanthu lero. Komabe ndikufunsa, mnyamata amene alibe ngakhale njinga alipira chipukutamisozi chochokera kuti?

MlangiziWaKuJali
Amene anawapatsa ndalama zopangira ndi zochititsa misonkhano alipo. Kapena bungwe, kapena sukulu. Ameneyo ndiye amayenera kuika padera ndalama zothandizira wovulala asanapereke chipangizo ngakhale kwa gogo mmodzi. Ngati palibe, ayese kaye pa iwo eni ndi pa makolo awo.

NachisaleKuLeeds
Moni a kwathu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, mabatani amenewa ndimawaona tsiku lililonse. Amakhala osalowa madzi chifukwa amadziwa kuti kubafa ndiye kogwera anthu. Ukadina kamodzi amayankha ndi munthu wa ku ofesi imene imagwira ntchito usana ndi usiku, amafunsa ngati uli bwino, ukapanda kuyankha amaimbira achibale kapena ambulansi. Kudinika mwangozi sakutenga ngati vuto, amangoti palibe kanthu agogo, gonani. Amalimbikitsanso kudina kamodzi pamwezi poyesa. Ndiye vuto limene mayi anadandaula lija, kuno amalithetsa ndi munthu woyankha, osati polimbitsa batani. Alipo ena ozindikira okha kuti munthu wagwa, koma nawonso amaphonya, makamaka munthu akatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo makampani amalemba zimenezo poyera.

Maiko a mu European Union anakhazikitsanso lamulo mu 2024 loti pulogalamu ya m'kati mwa chipangizo iziwerengedwa ngati katundu, ikavulaza munthu wopanga ayankhe.

MlangiziWaKuJali
Za munthu woyankhazo n'zimene zinathandiza Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse. Anthu amachikhulupirira chifukwa kumbali inayo kuli munthu wamoyo.

NambeweWaKuChinamwali
A Kabaza, mawu anu aja anandipweteka, koma ndawaganizira usiku wonse. Kabatani kasanabwere ndinkadutsa ku Sadzi m'mawa uliwonse ndisanapite kumsika. Katabwera ndinayamba kupita kawiri pa sabata. Panali mtsikana wina amene ankawathandiza kutunga madzi ndi kuwadikira akamasamba, ndinamuuza kuti asiye kaye chifukwa ndalama zinavuta, mumtima ndikuti kabatani kalipo. Zimenezo ndi zanga ndipo ndizisenza. Koma ndinachita zimenezo chifukwa ndinauzidwa kuti mayi akadina ndimva. Atasintha batani, ine amene ndimalandira foniyo palibe anandiuza.

KabazaWaMatawale
Pepani achemwali, ndinalankhula mothamanga. Ngati sanakuuzeni kuti asintha, pamenepo alakwa ndithu. Inunso munali wogwiritsa ntchito chinthucho, amayenera kukufunsani.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga, usadzimange wekha. Ifenso makolo timabisa. Sitifuna kukhala mtolo, ndiye chifukwa chake mayi ako anapempha kuti kasamalire pachabe. Manyazi amenewo wopanga chipangizo cha okalamba ayenera kuwadziwa, chifukwa adzatichititsa kupempha zinthu zotipweteka tokha.

MatembaAKachulu
Ine ndikuona ngati za kukhothi zingotaya nthawi ndi ndalama. Itanani achinyamatawo, amfumu akhalepo, alipire za kuchipatala, nkhani ithe pachibale.

LoyaWamawa
Kukambirana n'kwabwino, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepo. Koma mupite mutakonzeka. Kabataniko musabweze, ngakhale atanena kuti akufuna kukakaunika, ndi umboni wanu. Jambulani masamba onse a fomu. Lembani lero lomwe zimene mayi ndi woyandikana nawo uja akukumbukira, ndi nthawi zake. Sungani malisiti. Musasayine pepala lina lililonse loya asanalione. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Zomba momwe muno. Kwathu timati mlandu suwola, koma kukhothi mlandu wa kuvulala uli ndi malire a zaka zitatu, ndiye musagone nawo.

WaKompyutaWaKuNdola
Tadikirani kaye. Tonse takhala tikukamba za mlandu, koma agogo ena amene analandira mabataniwo alipo angati? Ngati onse anawasinthira masekondi asanu, ndiye kuti usiku uno pali anthu avala chinthu chimene mwina sangathe kuchidina, ana awo ali phee kudalira. A Nambewe, ndipatseni nambala yawo kumbali. Ndiwaimbira ngati mnzawo wa ntchito imodzi, ayendere nyumba iliyonse mawa, aliyense adine ali chigonere aone ngati foni ikulira.

NesiWausiku
Chonde chitani zimenezo msanga. Ayese ndi manja onse awiri, komanso manja ali onyowa.

NambeweWaKuChinamwali
Analandira anthu 18. Nambala ndakutumizirani.

NambeweWaKuChinamwali
Ndibwerenso ndi zimene zachitika. Dzulo achinyamata opanga kabatani aja anayendera nyumba 11, ndipo agogo anayi alephera kudina mpaka foni kulira. Awauza ana awo onse kuti asadalire kabatani mpaka akonze. Avomera kubwera Loweruka masana ku Sadzi, mayi atatuluka, pamodzi ndi mkulu amene amawayang'anira. Za fomu ija sanazitchulenso. Ine ndapita ku Legal Aid, ndalembetsa.

Ndinawauza mayi kuti ine ndi achimwene tikawayankhulira. Akana. Akuti pa misonkhano itatu ija anayankhula zochepa, ulendo uno ayankhula okha, ndipo akufuna mnyamata amene anasintha batani uja akhale pafupi, awagwire zala aone mmene zinapindikira. Afunsanso ngati aphunzitsi aja ndinawawerengera uthenga wawo angabwere.

MphunzitsiWopuma
Ndibwera, mwana wanga. Ndikwera minibasi ya m'mawa kuchokera ku Domasi, wina adzandichingamire pa depoti chifukwa chitunda cha ku Sadzi sindingachithe ndi ndodo.

KabazaWaMatawale
Ndidzakutengani ine abambo, musalipire kanthu. Mundiuze nthawi.